Jekete Langa mu Filimu

Tsiku limenelo mwera unkaomba kuyambira m'mawa, malata a holo ya tchalitchi chathu ku Nkhotakota akulira ngati afuna kuuluka. Akuluampingo anandituma kuti ndikaonere filimu imene achinyamata athu anajambula okha, ndiweruze ngati inali yoyenera kuonetsa pampingo. Ankati ine sindithamangira kuweruza.

Inali nkhani ya mtsikana wa ku sekondale wofunitsitsa kusewera mpira wamanja, koma bambo ake, oferedwa mkazi ngati ine, sankamupatsa yankho. Ndinaseka ndithu, mpaka pamene bamboyo anatulukira pakhonde. Anali atavala jekete langa lakuda, limene ana anga aakazi awiri anandiuza kuti alichapa ndipo likuchedwa kuuma. Anatsokomola kawiri monga ndichitira ine, nati, "Tiyambe tapemphera kaye, tidzaona."

Mawu amenewa ndi omwe ndinakhala ndikumuyankha mwana wanga wamng'ono kwa matemu awiri, akandipempha kulowa timu ya pasukulu. Nditacheuka, ndinawaona ana anga onse awiri pabenchi yakumbuyo, atabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

"Bambo, mwaiona bwanji?" anafunsa wamkuluyo titatuluka.

"Filimuyi ndi yabwino, ionetsedwe," ndinatero. "Koma mkulu uja wapemphera nthawi yayitali. Mwanayo akayambe kusewera Lolemba."

Wamng'onoyo anagwada, uku akuseka uku akulira. Lamulungu lotsatira mpingo wonse unaonera, ndipo panalibe amene sanandizindikire, ngakhale abusa. Ana angawo ndinawakhululukira.