Mzere umodzi wa a Wokhulupirika

Ku ofesi kumene ndimakolopa kuli bambo wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti a Wokhulupirika. Dzinali linachokera kumapeto kwa makalata awo, chifukwa sankatseka kalata osalemba kuti, “Ine wanu wokhulupirika nthawi zonse.” Anayamba ukalaliki pa kampani yathu yogulitsa chakudya cha nkhuku kudakali mataipi aphokoso aja. Makompyuta atabwera anaphunzira kutumiza imelo, koma moni sanausiye.

Ndikamafika m'mawa, nditasiya mwana kwa alamu anga, ndimawapeza atakhala kale, magalasi ali pamphuno, akulemba ndi zala ziwiri. Imelo yongonena kuti matumba afika inkayamba ndi mizere isanu. Mwadzuka bwanji, ana ali bwanji, nanga mwendo unatupa uja? Kasitomala aliyense ankamudziwa ndi mavuto ake omwe.

Chaka chino kunabwera bwana watsopano, mayi wachitsikana, wosalusa koma wachangu. Tsiku lina ndikupukuta zenera ndinamva akuwauza kuti, “Achikulire, anthu amawerenga pa foni ali m'khola. Pamwamba muzingoti ‘Moni,’ pansi ‘Zikomo,’ basi. Mwezi ukatha imelo zikuchedwabe, ndiika wina pampandopo, inu mupita kosungira katundu.”

Kosungira katundu ndi fumbi lokhalokha, ndipo a Wokhulupirika amadwala mphumu.

Anamvera. Ndinkawaona akulemba moni wawo wonse, kenaka n'kumafufuta chilembo chimodzichimodzi.

Dalaivala wathu ndi wachipongwe. “Mwadzuka bwanji a Zikomo Basi?”

“Iwe,” anamuyankha, “galimoto yakoyo umangoithamangitsa m'mawa osayamba waitenthetsa?”

Dalaivalayo atatuluka, a Wokhulupirika anandiuza chapansipansi kuti, “Mwana wanga, kulowa m'nyumba ya munthu osaodira, ulemu umenewo?” Ndinangowathirira tiyi wina.

Sabata yachitatu kunalowa mayi wina woweta nkhuku, kasitomala wakalekale, atamanga mpango wakuda. Analunjika kwa bwana.

“Bambo aja munawaika liti, osatiuza n'komwe?”

“Bambo ati, mayi?”

Nthawi yomweyo a Wokhulupirika anatsokomola kuseri kwa kabati. Mayiwo anadzigwira pakamwa.

“Ha! Muli moyo? Nanga amene akundilembera ngati wapolisi ndani?”

Dalaivala anaseka mpaka kukhala pansi. Koma mayiwo sankaseka. Anati amuna awo akhala m'chipatala miyezi iwiri, ndipo imelo iliyonse inkafunsa za iwo, mwakuti ankapita nayo foni kukawawerengera pa bedi. Mafunso atangoleka, wodwalayo ndiye anati, “Pita ukaone, mnzathu uja watisiya.”

A Wokhulupirika anavula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi, ngakhale anali oyera kale. Bwana anawaperekeza mayiwo mpaka pa geti. Pobwerera anaima pa tebulo la a Wokhulupirika.

“Mzere umodzi, achikulire. Umodzi wokha, musankhe bwino. Pampandopo khalani.”

“Nanga kumapeto, bwana?”

“‘Wanu wokhulupirika’ ikhale. ‘Nthawi zonse’ ichoke.”

Masiku ano imelo zimapita msanga. Koma isanapite iliyonse, a Wokhulupirika amaimika kaye chala m'mwamba, kuganiza kuti pa mwendo, ana ndi wodwala, lero afunse chiti.