Amayi Anangogwedeza Mutu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinayamba kudana ndi munthu mpaka kumamulota. Tinkakhala kunja kwa Malawi, ku Wallacedene, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya a Nomsa, mayi wa Chixhosa amene ankatibwereketsa malowo. Amayi anachokera ku Machinga, ndipo ankachapa ndi kusita m'nyumba za anthu ku Kraaifontein. Chingerezi chawo chinkathera pa "yes" ndi "thank you". Ine ndinkapita kusukulu, choncho kulikonse kofunika Chingerezi ndinkawalankhulira ndine.

Atayamba kuwonda ndi kumva ludzu losatha, kukiliniki anawapeza ndi matenda a shuga. Tsiku lokawaphunzitsa kudzibaya jakisoni ndinapita nawo. Namwino wake anali wamtali, wamagalasi, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Atangondiona anandilozera khomo, ati ana adikire panja. Ndinakhala pa benchi, chitseko chili chotseguka pang'ono. Namwinoyo ankalankhula ngati wailesi, osapuma, moti ngakhale ine ndinkangotolako apa ndi apo. Akamaliza mfundo iliyonse ankati, "Okay, mama?" Amayi n'kumayankha kuti, "Yes, sister." Mphindi zisanu sizinakwane, anali atamaliza. Kuyambira tsiku limenelo ndinamutcha Sisitala Oke.

Kwathu munthu wophunzira akamakulankhula sumubwezera funso. Umagwedeza mutu kuti asaone ngati ukumutayitsa nthawi. Panjira ndinafunsa kuti, "Amayi, akuuzani chiyani?"

"Ati ndizibaya m'mawa uliwonse, ndipo shuga ndisamayandikire. Basi."

Lamulo lachiwirilo ndinaligwira ndi manja awiri. Kachitini ka shuga ndinakabisa pamwamba pa kabati.

Patapita miyezi iwiri inafika Ramadhani, mwezi umene ife Asilamu timafunga, kusala kudya masana onse. Kukiliniki palibe amene anawafunsa amayi kuti amadya nthawi yanji, kapena ngati amafunga. Iwo anapitiriza monga anamvera: kudzibaya dzuwa likatuluka, kenako osaika kanthu m'kamwa mpaka dzuwa kulowa. Masiku awiri oyamba ankamva chizungulire, n'kumati ndi njala chabe. Tsiku lachitatu, Loweruka masana, akuyanika zovala, thukuta linawatuluka ngati awathira madzi. Manja ankanjenjemera. Anandiyang'ana n'kundiitana dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale, kenako anakhala pansi pa chingwecho, atakumbatira malaya onyowa.

Ndinakuwa. A Nomsa anatuluka, n'kuwayang'ana kamodzi kokha, n'kuthamangira m'nyumba. Anabwera ndi kapu ya madzi a shuga, supuni ikulira m'kati. Ine ndinaimenya kapuyo, inakagwera ku mpanda.

"Ayi! Shuga awapha!"

A Nomsa anakatenga ina. Amayi anali asanakomoke, akanatha kumeza. Ndinawalumpha a Nomsa, ndinawaluma dzanja, kapu yachiwiri inatayikanso. Ndinkaona kuti ndikuteteza amayi anga. Pamene ambulansi inkafika, nyerere zinali zitadzaza pamene panatayikira madziwo, ndipo amayi sankayankhanso.

Anatsitsimuka patapita masiku awiri, koma sanabwerere onse. Ankaiwala poto pamoto, ankasochera panjira yochokera kumpopi, ndipo ntchito inatha. Dokotala wachinyamata anandifotokozera mofatsa kuti shuga sanakwere, anatsika, chifukwa jakisoni uja amafuna chakudya m'mimba. Za kapu sananene, sankadziwa. Ndinazilumikiza ndekha: madzi a shuga ndinataya aja akanawapulumutsa.

Titabwerera kukiliniki ndi kalata ya kuchipatala, Sisitala Oke anaiwerenga, n'kutembenukira kwa mnzake. Ankaganiza kuti sindikumva. "Ndinamuuza zonse," anatero m'Chingerezi. "Anthu awa samva." Amayi anamwetulira n'kunena kuti, "Thank you, sister." Aaa! Ndinaloweza nkhope yake, magalasi ake, ngakhale kachipsera ka pachibwano, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti tsiku lina nayenso adzagwedeza mutu pamaso panga.

Ndisaname, unamwino sindinaulowe chifukwa cha chifundo. Ndinaulowa ndi mkwiyo. Amayi anamwalira ndisanamalize maphunziro, ndipo lero ndimaphunzitsa ophunzira unamwino m'wodi ya odwala ochitidwa opaleshoni.

Chaka chatha anandipatsa wodwala woti ndimuphunzitse asanatuluke. Anali atamuchita opaleshoni ya matumbo, ndiye ankafunika kudziwa kusintha yekha thumba lomata pamimba lolandirira chimbudzi. Nditatsegula katani ndinaona gogo wowonda, wamagalasi, ndi kachipsera pachibwano. Anali Sisitala Oke. Fayilo inanena kuti anali namwino wopuma pantchito, koma ine sindinkafunika fayilo.

Ndinatseka katani bwinobwino. Ndinatenga thumbalo, n'kufotokoza zonse, kuyambira pomatula mpaka pomata, m'Chichewa chenicheni cha ku Machinga, mothamanga, osapuma. Nditamaliza ndinamwetulira.

"Okay, mama?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana thumba, n'kuyang'ananso yunifolomu yanga. Kenako anagwedeza mutu.

"Yes, sister."

Zinandikomera, Mulungu andikhululukire, zinandikomera mpaka m'mafupa. Zaka zonsezo ndinkadikira mawu awiri amenewa. Koma sindinayembekezere kuti angawanene mosavuta chonchi. Munthu wophunzira, wodziwa chipatala kuposa nyumba yake, sanamve ngakhale liwu limodzi, komabe anavomera. Zala zake zinkapotokola nsalu yofunda monga amayi ankapotokolera chitenje. Apa m'pamene ndinadziwa kuti amayi sanagwedeze mutu chifukwa cha umbuli. Munthu akadwala, akachita manyazi ndi mantha, amavomera kuti womuyang'anayo achoke msanga.

Ndinakoka mpando n'kukhala pansi. Ndinayambiranso m'Chingerezi, pang'onopang'ono, ndipo thumba ndinaliika m'manja mwake. "Tsopano ndionetseni." Analakwitsa katatu. Kachinayi anamata bwino. Kenako ndinamufunsa ngati akukumbukira mayi wa ku Malawi wa matenda a shuga amene anakomoka m'mwezi wofunga. Anaganiza kwakanthawi, n'kupukusa mutu. Ati anali ambiri.

Ophunzira anga amadziwa kuti funso lakuti "Mwamva?" ndinaliletsa. Wodwala achite ndi manja ake iwe ukuona, akufotokozere m'mawu ake, ndipo usanamuuze chilichonse yamba wamufunsa mmene amakhalira, amadya nthawi yanji, amakhala ndi ndani. Amati ndine wovuta. Anene.

Gogo uja sindinamukhululukire, ndipo sindikulonjeza kuti ndidzatero. Koma tsiku limenelo, ndisanatseke fayilo, ndinamufunsa kuti kunyumba amakhala ndi ndani. Anati ndi mdzukulu wake, kamtsikana ka pulayimale, ndipo kanali panja chifukwa ana saloledwa m'wodi. Ndinatuluka. Ndinakapeza pa benchi, katavala yunifolomu ya sukulu, kakuyang'ana chitseko.

"Lowa," ndinatero. "Iwenso uyenera kumva."