Chigwada cha aphunzitsi a sayansi

Njala itafika pachimake chaka chimenecho, ndinali Folomu 3 pasukulu yoyendera kufupi ndi Nsanama. Mabenchi ankapita nachepa anthu. Anzanga ankalowera ku Nayuchi kukasaka ganyu kutsidya kwa malire, ndipo nanenso mayi anali atandiuza kuti sukulu sadya, mwezi ukatha nditsatire anzangawo. Zinandiwawa.

Aphunzitsi athu a sayansi anali bambo wachisilamu, wosaseka wamba. Lolemba lina anati, "Mawa aliyense abwere ndi chigwada chodzaza jumbo. Wobwera chimanjamanja asalowe."

M'mawa mwake anasinja masamba pang'ono n'kuwanyika m'kachasu wa mutu. Tinafa nazo nseko kuona munthu wosajomba kumzikiti atafumbata botolo la kachasu. Iwo sanatilabadire. Anasefa madzi obiriwirawo, natseka mawindo, n'kulozetsa pamadziwo kuwala kwa dzuwa kolowera pakhomo ndi kagalasi. Madzi aja anayaka psuu ngati magazi.

"Tinthu tobiriwitsa tsamba tikamayandama patokhapatokha timatulutsa kuwala kofiira," anatero. "Tsono penyani."

Anathiramo madzi a pamjigo, kufiira kuja n'kuzima.

"Taunjikana m'timagulu pothawa madzi. Ndi maso simungatione, mboni yake ndi kuzimaku. Koma timaguluti sitikhalitsa iyayi."

Atawonjezera kachasu, kufiira kunabwerera. Kenako anayang'ana mulu wa chigwada chotsala. "Ichi titaye? Ndi tchimo limenelo." Akazi awo anachiphika kuseri kwa kalasi, pambali pali phala la madeya, ndipo tinadya mpaka kunyambita zala.

"Ndaona kuti simunamvetse, mitu yanu ndi youma," anatero potibalalitsa. "Tibwereza mawa."

Tinabwerezadi tsiku ndi tsiku mpaka mondokwa atacha. Mayi ankadandaula kuti ndi sayansi yanji yosatha, yomaliza masamba m'munda, koma poona kuti ndikubwera nditadya, za Nayuchi sanazitchulenso.

Lero ndimaphunzitsa sayansi ku Balaka. Tsiku loyamba kuwaonetsa ana a m'kalasi mwanga zimenezi, ndinathyola chigwada chodzaza jumbo monga ndinazolowera. Botolo linafiira ndi masamba asanu okha. Ndinaima n'kumayang'ana otsalawo, ndipo m'pamene ndinadzifunsa kuti madeya aja ankachoka m'nyumba mwa yani. Misozi inatsika ana akuona. Aphunzitsi aja anali atamwalira kale, ndisanawauze zikomo.