Nkhope ya Achimwene a Saulos

Achimwene anga a Saulos ntchito yawo ndi kugwa. Inde, kugwa kumene! Anayamba ali hwindi, ndiye kuti woitanira m'Chishona cha kuno, pa siteji ya Huruyadzo, kulumphira kombi, minibasi zathu zija, ikuthamanga, mpaka anyamata ojambula mafilimu oseketsa anawaona. Kuyambira pamenepo, Courage, kamnyamata kosalala kotchuka m'mafilimuwo, akafunika kugwa padenga kapena kugundidwa ndi wilibala, ovala shati yake n'kukagwa anali achimwene. Lamulo linali limodzi: "Bisani nkhope, mudhara!" kunena kuti madala. Anabisa mpaka khosi linazolowera.

Mwana wawo Rutendo akanena kusukulu kuti bambo ake amasewera m'mafilimu, anzake ankamuseka kuti ndi wabodza.

Ndiye chaka chatha Tarisai, mkulu wa ojambulawo, anati apanga filimu yoseketsa ya moyo wa munthu wogwera anzake. Nkhani yonse anaitapa m'kamwa mwa achimwene, ngakhale ya tsiku limene anathyoka nthiti. Nanga wosewera ngati Saulos anali ndani? Courage! Munthu woti akapunthwa chala amaitana amake. Ine mtima unandiwawa koopsa.

Achimwene, amene anayenera kumugweranso Courage, sanakangane ndi Tarisai. Anangopempha chimodzi: pogwa komaliza, kuchoka pamwamba pa kombi kugwera m'matomato pamsika wa Makoni, kamera ione nkhope yawo, mwana akhale ndi poloza. Tarisai anavomera monyinyirika.

Tsikulo achimwene anameta bwinobwino, n'kudzola mafuta. Analumpha mokoma zedi, koma ali m'malere thupi linachita zimene linaphunzitsidwa, mkono kumaso, mutu kumbali. Anadzuka matomato ali chuchuchu, n'kupempha kuti abwereze.

"Matomato atha, mudhara," anatero Tarisai akupinda zingwe zake.

Atha? Pa Makoni? Msika wonse uli psuu! Ndinamulalatira m'Chichewa choti sanachimvepo chibadwire, koma iye anangokwera galimoto n'kumapita.

Filimu itatuluka, Rutendo anaitanira anzake kunyumba kwawo ku dera la Unit L, onse kuunjikana pa foni imodzi. Anaseka mpaka misozi. Itatha, mmodzi anafunsa m'Chishona kuti bambo akewo ndi ati: "Ko baba vako ndevapi?"

Rutendo anaibweza m'mbuyo, kuimitsa, kubwezanso. Achimwene anali chilili pakhomo, atagwira chitseko. Kenako mwanayo anaika chala pa chigongono cha munthu wopanda nkhope ali m'malere.

"Awa," anatero motsitsa mawu.

Anzake aja anayang'anana, wina n'kuyamba kuseka.