Mmisiri amene akuphwanya masitepe ake omwe

Aneba athu a kuseri kwa mpandawa ndi mmisiri womanga nyumba, koma anapuma ntchito. Akalowa m'nyumba mwanu, maso awo amayamba apereka moni pansi, inu pambuyo. Kapeti ikapindika m'mphepete amaikankhira pakona ndi ndodo yawo. Akapeza babu lakufa panjira yopita kubafa, sakhala pansi mpaka mutasintha. "Ife akuluakulu sitigwera kutali ayi," amatero, "timagwera pakhomo pathu pomwe."

Sitepe ya pakhomo pathu anamanga ndi iwowa zaka makumi atatu zapitazo. Inali imodzi yokha, yaitali, yosalala ngati galasi. Amayi atayamba kuvutika maondo anaiopa, mpaka analeka kutuluka panja.

Tsiku lina m'mawa tinadzidzimuka ndi phokoso. Aneba aja anali pakhomo ndi hamala, akuphwanya sitepe ija.

"Bambo, kwagwanji?" anafuula amayi pawindo. "Si inu munkainyadira sitepe imeneyi?"

"Ndinkainyadira ndili ndi maondo, mayi. Ndinamangira achinyamata, kuiwala kuti tonsefe tidzakalamba. Mayi a kunyumba anathyoka mwendo pa inzake ya imeneyi."

Anaikapo masitepe atatu aafupi, okhakhala, ndi chitsulo chogwirira m'mbali. Masiku ano amayi amatsika okha kukaothera dzuwa, osaitana munthu.

Dzulo ndinakumana nawo aneba aja hamala ili m'manja, ndipo ndinawafunsa kuti adzapuma liti.

"Mwanangu, mumsewu muno ndinamangamo nyumba khumi ndi ziwiri," anatero. "Zatsala zinayi."