Tayala Lakumanzere la Kanyumba

Fungo la mphira yotentha likandipeza paliponse, ngakhale pamalo okwerera basi, ndimabwerera kwathu ku Ntengo-Wambalame, chaka china chapakati pa nkhondo ya pachiweniweni, nyengo yokumba kachewere. Kunkazizira koopsa. Nkhungu inkagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, milomo yathu inkang'ambika, miyendo n'kutuwa ngati tagona paphulusa. Malo otentha pabwalo pathu anali amodzi okha, pa matayala a galimoto ya bambo ikangobwera kumene ku ulendo. Nkhuku zinkadziwa zimenezo, inenso ndinkadziwa, ndipo tinkalimbirana malo.

Galimotoyo sinali yathu. Inasiyidwa ndi Mpwitikizi wina wolima tirigu amene anachoka dziko litalandira ufulu, ndipo inaperekedwa kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuti izinyamula odwala. Bambo anga, a Amosi, ndiwo ankaiyendetsa, ndiye ankadziwika kuti motorista. Anthu ankaitcha Kanyumba, chifukwa mkati mwake munali nyumba yeniyeni: kumanja kabati ndi kambaula kachitsulo, kumanzere bedi lalitali ndi benchi, m'mazenera makatani amaluwa ozilala. Ine ndinkakwera pabedilo masana n'kumadziyesa dona, mpaka amayi atandikoka khutu.

Chaka chimenecho anthu a m'midzi yakumapiri anali atasamutsidwa n'kuunjikidwa pafupi ndi ife, m'mudzi wa mizeremizere umene tinkautcha aldeya. Kubwerera kumabwinja kunali koletsedwa, chifukwa kumeneko n'kumene kunkayenda anthu a m'tchire, amene ankamenyana ndi boma. Wopezeka akuchokera kumeneko ankatengedwa kukafunsidwa kwa amilisiya, anthu a m'mudzi amene boma linawapatsa mfuti, ndipo ena sankabwerako. Tinaphunzira kuyang'ana mapazi a munthu, kuti tione kumene wachokera, tisanamupatse moni. Ngakhale mchere unali mlandu, poti ukagula wambiri anthu ankafunsana kuti ukudyetsa ndani.

Mvula itangotha, koluna, mdipiti uja wa malole woperekezedwa ndi asilikali, inabweretsa matayala atsopano a Kanyumba. Koma pofika nyengo yokumba kachewere, tayala lakumbuyo kumanzere linali litayera dazi cha m'mphepete, pamene anzake anali akadali ndi mano awo onse. Amene anayamba kuona ndi amayi, poti maso awo sankaphonya ngakhale nsabwe m'mutu mwa mwana wa eni. Anali ataonanso zina. Masiku ena bambo ankachoka m'bandakucha osaliza injini, galimoto ikungotsetsereka yokha mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ankabwera dzuwa litakwera, atatsuka mkati monse, ndipo ankasamba asanatikhudze. Akatero ankagona pamphasa yawoyawo kwa masiku angapo.

Amayi anandipatsa ntchito ya ukazitape. Bambo akangopita kukasamba, ndinkalowa mu Kanyumba kukafufuza ulusi wa mpango, mkanda, kapena fungo la mafuta odzola a akazi. Ndinkaikonda ntchitoyo, ndisaname. Koma ndinkangopeza pansi ponyowa ndi tizibenthu ta bango la mphasa. Tsiku lina ndinamva amayi akuuza mng'ono wawo, uku akusenda kachewere, kuti: "Bola akhale mkazi. Mkazi sapha munthu." Apo m'pamene mantha anandigwira, chifukwa ndinazindikira kuti panali chinthu china choipa kuposa mkazi chimene amayi ankaopa kuchitchula. Ndinayamba kuwayang'ana bambo ngati mlendo. Akamaseka ndinkati akubisa kanthu, akakhala chete ndinkati n'zomwezo.

Woona wachiwiri anali a Fabiyao, mkulu wa amilisiya, mnyamata wamtali amene anakulira kwathu komweko. Kunali mphekesera yoti mchere ndi mankhwala zikufika kwa anthu a m'tchire, ndipo iwo ankafuna njira imene zinkadzera. Ankati akamadutsa pathu, ankaima pa tayala lija n'kuligunda ndi nsapato. Bambo ankangoseka n'kunena kuti matayala a masiku ano ndi a nyuzi. A Fabiyao sankaseka nawo.

Koluna yotsatira inabwera ndi makaniko wa ku Furancungo, a Zuze, mkulu wamfupi wolongolola, wa zikhadabo zakuda. A Fabiyao anawatenga n'kubwera nawo pabwalo pathu dzuwa lili paliwombo, amilisiya awiri akutsatira. A Zuze, osadziwa kanthu, ankangoti awaitanira ntchito. Anagwada mosangalala, n'kuyamba kusisita tayalalo ndi chikhatho ngati sing'anga pamimba pa wodwala, uku akuphunzitsa aliyense wofuna kumva. Anati tayala la mpweya wochepa limadyeka m'mbali zonse ziwiri, la mpweya wochuluka limadyeka pakati. Anati chitsulo chikapindika, tayala limatha mopendekera, ndipo ukalisisita limakukanda ngati mano a sowo. Apa panalibe zonsezo. Anagona chagada, nalowa pansi pa galimoto, nagogoda zitsulo zosanjikizana zija zimene zimanyamula thupi la galimoto, ndipo anatuluka akukutumula fumbi, nkhope ili ngwee.

"Pineu iyi ilibe mlandu, kamarada," anatero a Zuze, akuloza tayala lija. "Yanyamula katundu mbali imodzi, panjira ya miyala yopendekera kumanzere. Popita yolema, pobwera yopanda kanthu. Msewu wa ku Tsangano sungadye chonchi. Motorista, mumapita kuti kumapiri kotereku?"

Anafunsa akuseka. Atakweza maso n'kuona nkhope zathu, kuseka kunawathera pakamwa. Njira ya miyala yopendekera choncho inali imodzi yokha, ndipo aliyense ankaidziwa. Inali yopita kumabwinja. A Fabiyao anafunsa bambo kuti katunduyo anali chiyani, ndipo ankamupereka kwa yani. Bambo anayang'ana pansi osayankha. Anawamanga manja kumbuyo ndi chingwe cha mbuzi, pamaso pa ife ana awo, n'kupita nawo. A Zuze anatsala chiimire ndi sipanala m'manja, akubwerezabwereza kuti iwo anangonena za tayala.

Amayi sanalire. Anakhala pakhonde miyendo ili tambalale, ndipo anansi amene ankabwera tsiku lililonse kudzapala moto anapeza moto kwina. Ine ndinakhulupirira zonse. Ndinati bambo anga ndi munthu wa anthu a m'tchire, ndipo chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ndinkawafunabe.

M'mawa mwake amayi anandituma kukapereka kachewere wowiritsa kumalo kumene anatsekera bambo. Nkhungu inali isanachoke. Nditayandikira ndinaona anthu atakhala pansi pabwalo la amilisiya, ambiri azimayi a ku aldeya, atafunda nsalu, ali chete. Anali atavula mipango. Ena mitu inali yometa kumene, ena tsitsi linali litayamba kuphuka, monga zimakhalira anthu akameta maliro. Panalibe woimba kapena wolankhula. Pakhomo penipeni pa ofesi panakhala mayi wina wokalamba wowonda, a Nambewe, amene mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi a Fabiyao.

Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Akawaona panjira amapatukira kutchire, ndipo kuwalumpha miyendo ndiye sizimaganizirika n'komwe. A Fabiyao anali mkati, mfuti ili paphewa, khomo lili limodzi, apongozi atakhala pomwepo. Ndinawaona pazenera akuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Munthu amene mudzi wonse unkamuopa analephera kutuluka m'nyumba yake.

A Nambewe anandikodola. Sakanatha kulankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso, choncho mawu anayenera kudzera mwa mwana. "Iwe mwana wa Amosi," anatero, mokweza kuti ndi mkati momwe mumveke, "kawauze achimwene ali m'nyumbamo kuti katundu amene anadya tayala anali amuna anga. Pamene ankamwalira, achimwenewo anali ku koluna. Akafukule manda a ku aldeya aone ngati muli munthu. Tinaikamo thunthu la nthochi. Mwini wake agona kwawo kumabwinja, pafupi ndi amayi ake."

Ndinalowa mbale ya kachewere ili m'manja, ndipo ndinabwereza mawuwo monga ndinawamvera. Ndisanamalize, mayi wina panja anatchula dzina la mwana wake. Wina anatchula la mchemwali wake. Mayina anapitirira, mmodzi akatha wina n'kuyamba, ndipo aliyense wotchula ankadziwa kuti akudziulula yekha kuti anaponda kumalo oletsedwa. Apo ndinamvetsa. Munthu akamwalira, abale ankabwera kwa bambo mwakachetechete. Mtembo unkagona pabedi lija, wokulungidwa m'mphasa, operekeza n'kupanikizana pabenchi pambali pake, onse kumanzere, poti kumanja kunali kabati ndi mbaula. Bambo anakhala chete dzulo lake chifukwa kutchula katundu kunali kutchula eni ake.

A Fabiyao anakhala pampando, atagwira kumutu. Kenako anauza mmilisiya wina, mawu ali pansipansi, kuti akamasule motorista. A Nambewe ananyamuka pokhapokha ataona bambo atatuluka, akusisita m'mikono mmene munadutsa chingwe. Kanyumba anaitenga tsiku lomwelo n'kuipititsa kuboma, ndipo bambo sanagwirenso chiwongolero. Anayamba kulima kachewere ngati wina aliyense.

Ine panthawiyo sindinanyadire chilichonse. Ndinanyansidwa, ndinakwiya kuti anandisiya ndizisewera pabedi la akufa, ndipo kwa masiku ambiri ndinkakana chakudya chochokera m'manja mwawo. Ndinkaona ngati anaika moyo wathu pachiswe chifukwa cha anthu oti sakanathokoza n'komwe. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kukula kwa chimene anthu aja ankapempha akamagogoda pakhomo pathu. Nkhondo itakula tinathawira ku Malawi, ndipo bambo anadwala n'kumwalirira kumsasa wa othawa kwawo, mapiri akwathu akuoneka poteropo. Amayi anayenda msasa wonse kufunsa wonyamula mtembo. Sitinapeze woti awabweze kwawo.