Zipsera Zitatu za a Inocencio

A Inocencio anafika ku Likhubula ali mnyamata, chaka chimene anthu a ku Milange ankawoloka Muloza pothawa nkhondo. Anabwera ndi bulangeti limodzi ndi kachitsulo ka bomba m'chifuwa. Bala linapola, kachitsulo n'kutsalira m'kati, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu anakwera nako phiri mpaka ku Chambe atasenza zikwama za alendo. Anakwatira a Agatha, anabereka Claudia ndi ang'ono ake anayi, kenako anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Sanali munthu wa mawu ambiri. Ulemu wawo wonse unali pa Sabata la mgonero, akamayenda ndi thireyi ya tizikho pakati pa mabenchi.

Atayamba kutsokomola magazi, achipatala anawatumiza ku Blantyre. Kumeneko anawagoneka m'makina ojambula, ndipo patapita masabata awiri dokotala wamkazi anawaonetsa mapapo awo pakompyuta. Sichinali chithunzi chafulati ngati cha ekisire. Dokotala ankawatembenuza mapapowo ndi chala, kutsogolo, kumsana, pansi. Mitsempha ya magazi inkaoneka yofiira, njira za mpweya zoyera, kachitsulo katakhala pamphanda pafupi ndi mtsempha waukulu.

"Kale tikanang'amba kuchokera kumsana mpaka apa, n'kukanula nthiti," anatero dokotala. "Koma poti njira taiona kale, tiboola malo atatu okha. Apa kamera, apa ndi apa zida."

"Ndiye katundu ndidzasenzanso, adokotala?"

"Pakatha miyezi itatu, bambo. Osati mawa."

Zinayendadi choncho. Koma tsiku lina, atatsika m'phiri, anavula malaya kuti asambe mumtsinje, ndipo Lyson, wonyamula katundu mnzawo, anaona tizipsera titatu m'nthitimo.

"Akuluakulu, opaleshoni yanu ija ndi imeneyi? Izitu ndi mphini!"

Anaseka onse, ndi iwo omwe. Koma nthabwala ikachoka pakamwa pa mwini wake imavala jekete. Pofika kutchalitchi inali itasanduka nkhani yakuti a Inocencio sanapite ku Blantyre, anawoloka malire kukatemera kwa sing'anga. Akulu anzawo anawauza kuti ayambe aleka kugwira thireyi mpaka bwalo limve.

Bwalo linakhala Lachinayi m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. A Pilato, mlembi wa mpingo, ndiwo anayamba.

"Achimwene anga anawachita opaleshoni ya chifuwa. Chipsera chake chili ngati mzere wa m'munda. Inu zanu zili kuti?"

A Inocencio anapereka buku la kuchipatala. Linayenda m'manja mwa anthu asanu, palibe anatha kuwerenga zolemba za dokotala. Ndiye anamasula kampango, n'kuika patebulo kachitsulo kakuda, kukula kwake ngati nandolo.

"Hoo, mwadzigwiritsa nokha," anatero a Pilato. "Amatulutsa zitsulo m'thupi la munthu popanda kung'amba ndani?"

A Inocencio anayesa kufotokoza za mapapo otembenuka pagalasi la kompyuta. Wina kumbuyo ananong'ona kuti nawonso asing'anga amaonera pakalilole. A Inocencio anangoyang'ana zala zawo, akuganiza kuti mwina chikanakhala bwino dokotala uja akanangong'amba.

A Doris, mayi wachikulire amene anapuma pa unamwino, anasendera pafupi. Anatulutsa magalasi m'chikwama.

"Bambo a Claudia, vulani malaya."

Pamaso pa amayi, m'nyumba ya Mulungu! Anazengereza, kenako anamasula mabatani mmodzimmodzi, maso ali kudenga. A Doris anawerama, n'kuyendetsa chala pachipsera chilichonse.

"Timadontho iti ndi ta ulusi. Apa munadutsa paipi yotulutsa madzi, ndazichotsapo zambiri ndi manja angawa. Inu a Pilato, bwerani muone. Munaonapo mphini zosoka?"

"Ine za mphini sindizidziwa, mayi."

"Nanga tsono mumaweruza chiyani?"

Abusa anatsokomola pobisa kuseka, n'kufunsa maganizo a bwalo. Manja asanu ndi awiri anakwera kuvomereza kuti a Inocencio aziyendanso ndi thireyi. A Pilato anati iwo dzanja lili ndi cholembera.

Sabata la mgonero a Inocencio anavala jekete yawo yakuda, a Agatha ataisita kawiri. Anayenda benchi ndi benchi, ndipo amayi awiri anaweramitsa mitu, thireyi n'kuwapitirira. Atafika kwa a Pilato anaima. Mlembiyo anayang'ana tizikho tija nthawi yaitali, nyimbo mpaka inalowa ndime ina. Kenako anatambasula dzanja n'kutenga ka kumapeto kwenikweni, osadzutsa mutu.